Sewero Lonena Zoona: Mmene Canada Inaonetsera Mabala Ake pa Wailesi Yakanema

Kumayambiriro kwa mwezi wa Disembala m'chaka cha 1992, bungwe la CBC, lomwe ndi wailesi ya dziko la Canada, linali litalengeza kale kuti lionetsa sewero la magawo awiri lotchedwa The Boys of St. Vincent, lonena za ana amasiye ozunzidwa ndi anthu amene anapatsidwa udindo wowalera. Patatsala masiku awiri kuti gawo loyamba lionetsedwe, woweruza wina wa m'chigawo cha Ontario anapereka chiletso chakuti seweroli lisaonetsedwe paliponse m'dzikomo, ndipo anawonjezera kuti atolankhani asalembe ngakhale za chiletsocho. Amene anakapempha chiletsocho anali amuna anayi a m'gulu la mabulazala a mpingo wa Katolika, omwe anali pa milandu yochitira nkhanza ana m'sukulu za ku Ontario. Seweroli silinkatchula dzina la aliyense wa iwo, nyumba ya ana amasiye ya m'nkhaniyo inali yopeka, ndipo nkhaniyo inkachitikira ku Newfoundland, kutali kwambiri chakum'mawa. Komabe maloya awo anati munthu amene waonera seweroli sangathe kukhala pa gulu la anthu wamba ogamula mlandu n'kuumva ndi mtima wosakondera. Kuti sewero la mayina opeka lichititse mantha chonchi, ndiye kuti linali ndi mphamvu imene nkhani za madzulo zinalibe, ndipo mphamvuyo ndi imene ikufunika kuimvetsa.

Mtundu wa sewero umenewu umatchedwa docudrama, mawu ophatikiza mayina awiri achingerezi, lina la filimu yojambula zochitika zenizeni ndi lina la sewero. Olemba amayamba monga atolankhani: amawerenga zikalata za kukhoti ndi malipoti a boma, amafunsa anthu amene anaona zinthuzo, kenaka amalemba nkhani imene azisudzo adzaisewere. Kusiyana kwake ndi masewero ophunzitsa amene tinazolowera pa wailesi n'kwakuti cholinga chake si kulangiza woonera kuti asinthe khalidwe, koma kumuonetsa mmene bungwe, ofesi ya boma kapena mudzi wathunthu unalakwira munthu. Wojambula filimu ya zochitika zenizeni amafika zinthu zitachitika kale, ndipo kamera yake imathera pakhomo. Siilowa m'chipinda mmene akuluakulu akugwirizana kuti lipoti la apolisi lisinthidwe, siikhalapo usiku pamene mwana akuitanidwa ku ofesi. Docudrama imatsegula chitseko chimenecho, koma popeza mlembi sanali m'chipindamo, mawu amene amaika m'kamwa mwa anthu amakhala ake. Phindu la masewerowa ndi ngozi yake zonse zimachokera pamenepa.

Sizinangochitika mwangozi kuti Canada ikonde njira imeneyi. Anthu ambiri a m'dzikomo amakhala kufupi ndi malire a United States, ndipo kuyambira pamene CBC inayamba kuonetsa kanema mu 1952, mapulogalamu a ku America akhala akufika m'nyumba zawo mosavuta, opangidwa ndi ndalama zimene wailesi ya ku Canada siikanatha kufanana nazo. Kupikisana ndi Hollywood pa masewero a apolisi ndi zigawenga kunali kungotaya nthawi. Chimene Canada inali nacho chinali luso lojambula moyo weniweni, lochokera ku bungwe la National Film Board, limene linakhazikitsidwa mu 1939 motsogoleredwa ndi John Grierson wa ku Scotland, munthu amene ankakhulupirira kuti filimu ndi chida chodziwitsira nzika za dziko lawo. Otsogolera mafilimu ambiri anakulira m'mwambo umenewu. Mmodzi wa iwo, Allan King, anajambulira CBC filimu yotchedwa Warrendale mu 1967, yoonetsa ana ovutika maganizo m'nyumba yowasamalira, ndipo CBC inakana kuionetsa chifukwa cha mawu otukwana amene anawo ankalankhula. Ku Britain nako, sewero la BBC la mu 1966 lotchedwa Cathy Come Home linali litasonyeza kuti nkhani ya banja limodzi losowa pokhala ingathe kugwedeza dziko kuposa ziwerengero.

Choncho mu 1976 CBC inayamba mndandanda wa masewero umene unadzadziwika ndi dzina lakuti For the Record, ndipo unapitirira mpaka pakati pa zaka za m'ma 1980. Sewero lililonse linali loima palokha, la pafupifupi ola limodzi, lojambulidwa m'misewu, m'mafakitale ndi m'nyumba zenizeni m'malo mwa situdiyo. Oyang'anira ake oyamba, Ralph Thomas ndi Stephen Patrick, anachokera ku mbali ya nkhani ndi zochitika za tsiku ndi tsiku, ndipo izi zinkaoneka pa mitu imene ankasankha. Sewero lotchedwa Maria, lotsogoleredwa ndi Allan King uja, linali la mtsikana wa m'banja lochokera ku Italy amene akuyesa kuyambitsa bungwe la ogwira ntchito m'fakitale yosoka zovala. Dreamspeaker, la Claude Jutra, linali la mnyamata wosokonezeka maganizo amene wathawa kumalo omusungira n'kulandiridwa ndi nkhalamba ya mtundu wa eni nthaka, anthu amene ankakhala m'dzikomo azungu asanafike. Panali ena onena za nkhanza za m'banja, za alimi olandidwa minda ndi mabanki, ndi za nyuzipepala imene ikutsekedwa. Ambiri mwa masewerowa anali ndi anthu opeka oimira mavuto enieni, ndipo kawirikawiri sankatha ndi chimwemwe. Woonera ankasiyidwa ali ndi funso m'mutu, osati yankho.

Sewero limodzi linapatuka pa njira ya mayina opeka, ndipo ndi limene linaika CBC m'madzi otentha. The Tar Sands, lotsogoleredwa ndi Peter Pearson ndipo linaonetsedwa mu 1977, linkanena za mchenga wokhala ndi phula la mafuta wa kumpoto kwa chigawo cha Alberta, kufupi ndi Fort McMurray. Mbiri yake yeniyeni inali yotere: kampani ya Atlantic Richfield itatuluka mu ntchito yaikulu yochotsa mafuta mumchengawo yotchedwa Syncrude kumapeto kwa 1974, makampani otsala anati ntchitoyo iima ngati maboma salowererapo, ndipo mu Febuluwale 1975, pa msonkhano wa ku Winnipeg, boma la dziko linatenga magawo 15 pa 100 alionse, la Alberta magawo 10, la Ontario magawo 5. Seweroli, lomwe linatsamira pa buku la katswiri wa zandale Larry Pratt, linaonetsa zokambiranazo ngati malo amene makampani a mafuta anapanikiza andale mpaka kuwagonjetsa. Linatchula dzina la nduna yaikulu ya Alberta, Peter Lougheed, amene panthawiyo anali adakali pampando, ndipo wazisudzo Kenneth Welsh anasewera mbali yake, akulankhula mawu amene olemba anapeka, pambali pa anthu ena amene sanakhaleko n'komwe.

Lougheed anasumira CBC chifukwa chomuipitsira mbiri. Mlanduwo unatenga zaka pafupifupi zisanu, ndipo mu 1982 mbali ziwirizo zinagwirizana kunja kwa khoti: CBC inapepesa, inalipira madola 50,000 a chipukutamisozi ndi ena 32,500 a ndalama zoyendetsera mlandu, ndipo siinaonetsenso seweroli. Ine ndimaona kuti pa mfundo imodzi Lougheed anali ndi dandaulo lomveka, ngakhale munthu atagwirizana ndi olembawo kuti makampani ndi amene anapindula kwambiri. Mtolankhani akalemba kuti mtsogoleri anagonja pa zokambirana, owerenga amadziwa kuti awa ndi maganizo a mtolankhaniyo ndipo angathe kuwatsutsa. Koma wazisudzo akavala nkhope ya mtsogoleriyo n'kuoneka akuzengereza ndi kutuluka thukuta, woonera amachoka akumva ngati waona ndi maso ake, ndipo chenjezo lolembedwa kumayambiriro lakuti zina mwa izi n'zopeka limaiwalika sewero lisanafike n'komwe pakati. Vuto lomweli linabweranso mu 2006, pamene CBC inachotsa sewero lonena za moyo wa Tommy Douglas, amene kale anali nduna yaikulu ya chigawo cha Saskatchewan, chifukwa cha madandaulo akuti linanamizira wandale wina amene anamwalira kalekale, James Gardiner. Akufa sasuma, koma zidzukulu zawo zimalemba makalata.

Njira ina inali kudikira kuti khoti limalize ntchito yake, kenaka n'kutchula mayina mopanda mantha. Umu ndi mmene linapangidwira Conspiracy of Silence la mu 1991, lolembedwa ndi Suzette Couture ndi kutsogoleredwa ndi Francis Mankiewicz. Helen Betty Osborne anali mtsikana wa zaka 19 wa mtundu wa Cree, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka, wochokera ku Norway House, amene anapita ku tauni ya The Pas m'chigawo cha Manitoba kukaphunzira ndi cholinga chodzakhala mphunzitsi. Usiku wa pa 13 Novembala 1971 anyamata anayi achizungu anamukokera m'galimoto, ndipo mtembo wake unapezeka kunja kwa tauni uli ndi mabala oposa 50. Panapita zaka 16 mlandu usanagamulidwe, ndipo mu 1987 munthu mmodzi yekha ndi amene anapezeka wolakwa. Wina anamasulidwa, wina anakhululukidwa kuti apereke umboni, ndipo wachinayi sanazengedwe mlandu. Kafukufuku wa boma la Manitoba anapeza kuti kusankhana mitundu, kupeputsa akazi ndi kusalabadira ndi zimene zinali pa phata la nkhaniyi. Seweroli linalunjika pa kukhala chete kwa anthu a m'tauniyo, amene ambiri ankamva mayina a anyamatawo m'malo omwera mowa koma osapita kupolisi, ndipo kukhala chete ndi chinthu chimene sewero limatha kuonetsa bwino kuposa lipoti: munthu akuyang'ana pansi, nkhani ikusinthidwa mlendo akalowa.

Koma pali chinthu chimene chimandivuta pa seweroli. Helen Betty amaphedwa nkhani isanapite patali, ndipo nthawi yambiri yotsala timakhala ndi azungu: akupha, makolo awo, maloya ndi apolisi. Mtsikanayo amasanduka chifukwa chofotokozera chikumbumtima cha anthu ena. Si kuti olembawo anali ndi mtima woipa, koma ankalembera anthu ofanana nawo, ndipo funso limene linkawavuta linali lakuti anthu onga ife anakhaliranji chete. Kusintha kunabwera pamene eni nthaka anayamba kugwira okha kamera, makamaka itakhazikitsidwa wailesi yawo yakanema ya APTN mu 1999. Sewero la Little Bird la mu 2023, limene mmodzi wa oliyambitsa ndi Jennifer Podemski, limanena za ana a eni nthaka amene boma linkawalanda kwa makolo awo m'zaka za m'ma 1960 ndi pambuyo pake n'kuwapereka kwa mabanja achizungu, ndipo nkhani yonse imayenda ndi maso a mwana wolandidwayo atakula.

Tibwerere tsopano ku The Boys of St. Vincent, limene m'kuona kwanga ndi limene linafika pachimake pa luso lonseli. Gwero lake linali nkhani ya nyumba ya ana amasiye ya Mount Cashel mumzinda wa St. John's ku Newfoundland, yoyendetsedwa ndi gulu la mabulazala a Katolika lotchedwa Christian Brothers. Mu 1975 apolisi anafunsa anyamata a m'nyumbayo ndipo anamva za kumenyedwa ndi kugwiriridwa, koma kafukufukuyo anaimitsidwa ndi akuluakulu, lipoti linalembedwanso mofewetsa, ndipo mabulazala ena anangosamutsidwa kupita kunja kwa chigawocho. Nkhaniyo inakwiriridwa zaka 14, mpaka mu 1989 pamene munthu wina anaimba foni pa pulogalamu ya wailesi n'kuifukula. Boma linakhazikitsa kafukufuku wotsogoleredwa ndi Samuel Hughes, amene kale anali woweruza, ndipo umboni wa amuna amene anakulira m'nyumbayo unkaonetsedwa pa kanema anthu akumvera m'nyumba zawo. Nyumbayo inatsekedwa mu 1990 ndipo inagwetsedwa mu 1992.

Wotsogolera seweroli, John N. Smith wa ku National Film Board, anali atatha zaka akupanga mafilimu ndi anthu wamba amene si azisudzo, monga achinyamata akuda a ku Montreal mu Sitting in Limbo, ndiponso asodzi a ku Newfoundland ndi othawa kwawo achi Tamil mu Welcome to Canada. Anazolowera kumvetsera nthawi yaitali asanalembe. Pa nkhani ya ana amasiyeyi sanatchule Mount Cashel kapena munthu aliyense weniweni. Anapeka nyumba yotchedwa St. Vincent, mwana wa zaka 10 dzina lake Kevin, ndi mkulu wa nyumbayo, Bulazala Peter Lavin, amene mbali yake inaseweredwa ndi Henry Czerny. Pali chochitika chimodzi chimene munthu amene anachionapo sachiiwala. Lavin akuitanira Kevin mu ofesi yake usiku, akumukhazika pamiyendo ndi kumulankhula mofatsa ngati mayi ake, ndipo mwanayo atakana kuti munthuyu si mayi ake, nkhope ya Lavin ikusintha nthawi yomweyo ndipo akumukwapula ndi lamba. Kamera siionetsa chilichonse chochititsa manyazi mwanayo, koma woonera akumvetsa zimene chikalata cha kukhoti sichingafotokoze: kuti wozunzayo amagwiritsa ntchito njala ya chikondi ya mwana wamasiye monga msampha. Munthu woyamba kuchitapo kanthu m'nkhaniyo si wansembe kapena nduna, ndi wogwira ntchito yosamalira panyumbapo amene waona mabala a mwanayo, ndipo akuchotsedwa ntchito. Wapolisi amene akufufuza akuuzidwa ndi mkulu wake kuti alembenso lipoti.

Gawo lachiwiri likuchitika patapita zaka 15, ndipo ndi lolimba mtima kwambiri. Lavin anasiya ubulazala, ali ndi mkazi ndi ana ku Montreal, ndipo apolisi akumumangira pakhomo pake. Anyamata aja ndi amuna tsopano, ena sakufuna n'komwe kukumbutsidwa. Mmodzi wa iwo akuperekera umboni m'khoti, ndipo loya akumuulula kuti nayenso, atakula pang'ono m'nyumba ija, anazunzapo ana aang'ono. Sewero lofuna kungosangalatsa likanabisa mfundo yowawa imeneyi kuti ozunzidwa aoneke oyera. Ufulu wonena zotere Smith anaupeza chifukwa cha mayina opeka aja, popeza palibe mwamuna weniweni wa ku St. John's amene anthu akanamuloza chala mumsewu m'mawa mwake. Apa mpamene ndimaona kuti kupeka kungathe kunena zoona zambiri kuposa kutchula mayina: The Tar Sands linali ndi mayina enieni ndi mawu okayikitsa, pamene ili linali ndi mayina opeka koma mchitidwe uliwonse umene linaonetsa unali wodziwika kuchokera mu umboni wa anthu.

Chiletso chija sichinakhalitse mmene chinalili. Khoti la apilo la Ontario linachichepetsa mwamsanga kuti chigwire ntchito ku Ontario ndi pa siteshoni ya CBC ya ku Montreal yokha, imene mafunde ake amafika kum'mawa kwa Ontario, ndipo linachotsa lamulo loletsa atolankhani kulemba za nkhaniyo. Motero anthu a ku Newfoundland ndi zigawo zina anaonera seweroli mu Disembala 1992, pamene a m'chigawo chokhala ndi anthu ambiri kuposa zonse anadikira mpaka chaka chotsatira. CBC ndi National Film Board anapitirira mpaka ku khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, ndipo mu Disembala 1994 khotilo linagamula mlandu umene umadziwika ndi dzina lakuti Dagenais, dzina la mmodzi wa amuna anayi aja.

Chigamulocho, cholembedwa ndi mkulu wa oweruza Antonio Lamer, chinasintha kaganizidwe kakale. Kale lamulo linali lakuti ufulu wa woimbidwa mlandu woweruzidwa mwachilungamo ukawombana ndi ufulu wofalitsa nkhani, woyambawo umapambana nthawi zonse. Lamer anati chikalata cha maufulu cha mu 1982 chimateteza maufulu onse awiri ndipo palibe umene uli pamwamba pa unzake. Woweruza angaletse kufalitsa pokhapokha ngati pali chiopsezo chenicheni ndi chachikulu pa chilungamo cha mlandu chimene njira zina sizingachithetse, ndiponso ngati ubwino wa chiletsocho ukuposa kuipa kwake pa ufulu wolankhula. Njira zinazo anazitchula: kuimitsa kaye mlandu, kuusamutsira kudera lina, kufunsa mosamala anthu ofuna kuikidwa pa gulu logamula mlandu, kuwapatula kuti asaone nkhani, kapena kuwalangiza mwamphamvu kuti aweruze potengera umboni wokha. Khoti linapeza kuti chiletso cha mu 1992 chinali chachikulu mopitirira muyezo. Mfundozi zinakulitsidwa pa mlandu wa Mentuck mu 2001, ndipo kwa zaka zambiri zakhala poyambira pa mkangano uliwonse wa ku Canada wokhudza kubisa zochitika za m'khoti, ngakhale pa milandu imene ilibe chochita ndi sewero.

Masewero a mtundu umenewu anachepa pamene boma linadula ndalama za CBC pakati pa zaka za m'ma 1980 ndiponso kwambiri m'zaka za m'ma 1990, chifukwa sewero loima palokha limadya ndalama zambiri: kafukufuku watsopano, azisudzo atsopano ndi maloya owerenga tsamba lililonse, zonsezi za usiku umodzi wokha. Wailesi zimene si za boma zinatengako mbali, monga CTV imene mu 2006 inaonetsa One Dead Indian, lonena za Dudley George, mwini nthaka amene anawomberedwa ndi wapolisi wa Ontario ku Ipperwash mu 1995, pa nthawi imene kafukufuku wa boma pa imfayo anali adakali mkati.

Kunena kuti sewero linasintha lamulo kapena linamangitsa munthu n'kosavuta, koma nthawi zambiri dongosolo la zinthu limakhala losiyana: ozunzidwa amalankhula, atolankhani amalemba, kafukufuku amachitika, ndipo sewero limabwera pambuyo kudzafikitsa nkhaniyo kwa anthu amene sakanawerenga lipoti la masamba mazanamazana. Ku Mount Cashel milandu inayamba seweroli lisanapangidwe ndipo inapitirira zaka zambiri litaonetsedwa kale. Amuna ena amene anazunzidwa m'nyumbayo m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 anapambana pa khoti la apilo la Newfoundland mu 2020, pamene khotilo linati arkidayosizi ya St. John's ili ndi udindo pa zimene mabulazala anawachita. Mu Januwale 2021 khoti lalikulu la dzikolo linakana kumva apilo ya mpingowo, ndipo arkidayosiziyo inayamba kugulitsa matchalitchi ndi malo ake kuti ipeze ndalama zolipirira amunawo, omwe panthawiyo anali nkhalamba za zaka za m'ma 70 ndi 80.